Mkaka wa kufamu, chambiko ndi zakudya zina kwa mayi woyembekezera kuno ku Johannesburg

Nachisale, Rosettenville:
Moni amayi ndi abambo nonse a pagulu pano. Ndine woyembekezera, mimba ya miyezi 4, ndipo uyu ndi mwana wanga woyamba. Mnzawo wa kuntchito wa amuna anga amabweretsa mkaka wochokera ku famu ina ya kummwera kwa mzinda uno, m'zigubu za malita 5, pa mtengo wotsika kuposa wa m'sitolo. Apongozi anga, omwe abwera kudzandithandiza, akufuna kuti tiziugoneka kuti ukhale chambiko, chifukwa akuti ndi umene umalimbitsa mafupa a mwana. Kusikelo anandiuza kuti ndizimwa mkaka wokhawo umene papaketi pake palembedwa kuti pasteurised, koma anthu anali ambiri moti namwino sanapeze mpata wofotokoza chifukwa chake. Ndikupempha amene mukudziwa bwino mundithandize, pakuti sindikufuna kutsutsa apongozi popanda mfundo yomveka.

Nangozo, Turffontein:
Mwana wanga, apongozi ako sakukufunira zoipa. Ife kwathu ku Ntcheu tinakula ndi mkaka wa m'khola, ndipo mayi anga anabereka ana 9 akudya nsima ya chambiko cha m'chipanda. Mkaka ukasasa umakhala utadziyeretsa wokha, ndi mmene tinaphunzirira. Ine zimandidetsa nkhawa kuti masiku ano mayi woyembekezera amaletsedwa zinthu zambiri mpaka amatsala ndi tiyi ndi buledi, pomwe thupi lake likudyetsa anthu awiri.

Nambewe, Randburg:
Achemwali a Nachisale, mwachita bwino kufunsa musanayambe kumwa. Ine ndine namwino, ndipo ndiyesetsa kufotokoza zimene mnzanga wa kusikelo sanathe kufotokoza. Mkaka wolembedwa kuti pasteurised ndi umene ku fakitale autenthetsa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15, kenaka n'kuuziziritsa mofulumira. Njirayi inatenga dzina la Louis Pasteur, wasayansi wa ku France amene m'zaka za m'ma 1860 anaonetsa kuti kutenthetsa chakumwa kumapha tizilombo tomwe tili m'menemo. Mkaka wa m'mabokosi umene umakhala pashelefu, wolembedwa UHT kapena long life, amautenthetsa kwambiri, madigiri 135 kapena kuposa apo, kwa masekondi ochepa chabe. Mitundu iwiri yonseyi ndi yabwino kwa inu.

Mkaka wongokamidwa kumene ukhoza kukhala ndi mabakiteriya a Listeria, Salmonella, E. coli ndi Campylobacter, komanso amene amayambitsa TB ya ng'ombe ndi matenda a brucellosis, omwe amachititsa ng'ombe kutaya bere ndipo mwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza kwa milungu yambiri. Ng'ombe ikhoza kuoneka yonenepa, yathanzi, koma ili ndi tizilomboti, ndipo tina timalowa mumkaka kuchokera ku ndowe, ku manja a wokama kapena ku chidebe. Mkaka woterowo sununkha, susintha mtundu, ndipo kukoma kwake kumakhala komweko.

Amayi a Nangozo, ndikugwirizana nanu kwathunthu kuti mayi woyembekezera ayenera kudya mokwanira, ndipo mkaka ndi chimodzi mwa zakudya zimene sindingafune kuti azisiye. Pomwe ndikupempha kusiyana nanu ndi pa mfundo yoti kusasa kumayeretsa mkaka. Kuwawasa kumachepetsa tizilombo tina, koma sikupha tonse, ndipo palibe njira yodziwira kunyumba kuti chambiko cha lero chafika poti n'chotetezeka. Chimene chimapha tizilomboti motsimikizika ndi moto.

Nangozo, Turffontein:
Nanga bwanji ife sitinadwale, anamwino? Ndikufunsa kuti ndimvetse, osati kuti nditsutse ntchito yanu.

Nambewe, Randburg:
Funso lanu ndi loyenera, amayi. Ambiri amene amamwa mkaka wosawiritsa sadwala, ndipo ichi n'chifukwa chake chizolowezicho chimapitirira. Koma tikumbukire kuti kumudzi mayi akapita padera kapena akabereka mwana wakufa, palibe amene ankayeza magazi kuti adziwe chochititsa, ndipo nkhaniyo inkathera pa kuganizirana kapena pa kunena kuti wina sanasunge mwambo. Sindikunena kuti zonsezo zinkachitika chifukwa cha mkaka, ayi, koma kuti ngakhale zikanakhala choncho sitikanadziwa. Chachiwiri, mkaka wa kwanu unkachokera ku ng'ombe zanuzanu ndipo unkafika m'nyumba m'mawa womwewo. Wa achemwali athuwa ndi wosakaniza wa ng'ombe zambiri, umathiridwa m'zigubu zomwe sitikudziwa amazitsuka bwanji, ndipo umayenda m'galimoto kwa maola angapo kunja kukutentha. Ng'ombe imodzi yodwala imaipitsa mkaka wonse wa tsiku limenelo.

Chachitatu, chitetezo cha m'thupi cha mayi woyembekezera chimasintha kuti thupi lisakane mwana, ndipo bungwe loona za matenda la ku America, CDC, limanena kuti mwayi woti iye adwale listeriosis, matenda oyambitsidwa ndi Listeria, ndi wochuluka pafupifupi ka 10 kuposa wa anthu ena. Mayiyo mwina angomva ngati chimfine, kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, nthawi zina kutsegula m'mimba, koma kachilomboko kamadutsa pa nsengwa n'kufika kwa mwana. Zotsatira zake ndi kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kubereka mwana wakufa, kapena khanda kudwala matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi m'masiku ake oyamba. Zizindikiro zikhoza kuchedwa kuoneka mpaka masiku 70 kuchokera pamene munthu anadya, motero n'kovuta kukumbukira chimene chinayambitsa.

Bambo a Yamikani, Cosmo City:
Ndiloleni ndiikepo mawu ngakhale nkhaniyi ndi ya amayi, chifukwa ife abambo ndi amene nthawi zambiri timagula zakudya pochokera kuntchito. Amene munalipo kuno mu 2017 ndi 2018 mukukumbukira mliri wa listeriosis. Bungwe loona za matenda opatsirana la NICD, lomwe lili ku Sandringham konkuno, linatsimikizira kuti anthu 1,060 anadwala ndipo 216 anamwalira, ndipo bungwe la WHO linati uwu unali mliri waukulu koposa wa matendawa womwe unalembedwapo padziko lonse. Odwala ambiri anali a chigawo chathu chino cha Gauteng, ndipo pafupifupi 4 mwa odwala 10 alionse anali makanda osakwana mwezi umodzi, kutanthauza kuti matendawa anawatengera kwa amayi awo. Gwero lake linadziwika ana a pasukulu ina ya mkaka ku Soweto atadwala mu January 2018 atadya polony. Pa 4 March 2018, nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Aaron Motsoaledi, analengeza kuti kachilomboko kanapezeka ku fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ina, ndipo tinachotsa polony ndi masoseji a vienna ndi russian onse m'mafuriji n'kuchapa mashelefu ndi mankhwala. Ndikunena izi kuti tisaganize kuti vuto lili pa mkaka wa kufamu wokha. Chakudya chimenecho chinali cha m'sitolo, chokutidwa bwino, chosungidwa pozizira.

Nabanda, Diepsloot:
Bambo a Yamikani, mwandifika pamtima chifukwa ine ndimagulitsa kota, buledi woikamo tchipisi, polony ndi zina m'kati, ndipo ena mwa makasitomala anga ndi amayi oyembekezera amene amailakalaka kwambiri. Kodi ndiziwakaniza? Nanga polony ya masiku ano ili ndi vuto lomwelo?

Nambewe, Randburg:
Mliri umenewo unalengezedwa kuti watha mu September 2018, choncho sitikunena kuti polony iliyonse ya lero ili ndi kachilomboko. Koma chikhalidwe cha Listeria sichinasinthe. Mosiyana ndi mabakiteriya ambiri, iye amapitiriza kuchulukana pang'onopang'ono ngakhale m'furiji yozizira bwino, ndipo amakonda zakudya zimene timadya osaziphikanso. Choncho, achemwali a Nabanda, musawakanize makasitomala anu, koma polony, vienna ndi russian muzizikazinga mpaka zitenthe kufikira m'kati, zizituluka nthunzi mukazidula, ndipo zidyedwe zikadali zotentha. Kungoziwotcha kunja kuti zioneke zofiira sikukwanira. Mpeni ndi thabwa zimene mwadulira polony yozizira kapena nyama yaiwisi zisakhudze buledi, tomato kapena letesi musanazitsuke ndi sopo.

Nachisale, Rosettenville:
Zikomo kwambiri, tsopano ndamvetsa chifukwa chake. Koma kodi ndikauwiritsa ndekha mkaka wa kufamuwo, sukhala bwino? Apongozi akuti kuwiritsa kumachotsa mphamvu yonse ya mkaka, ndipo chambiko chake sichigwira.

Nambewe, Randburg:
Mukauwiritsa bwino, tizilombo timene tatchulati timafa. Uikeni pamoto ukangofika, musaugoneke kaye, muziutakasa kuti usapserere pansi, ndipo muusiye mpaka uwire n'kuyamba kufufuma. Mukatero uvundikireni, ndipo ukazizira muuike m'furiji m'chiwiya choyera, osati m'chigubu chomwe unabweramo, chifukwa mukatero mwabwezeramo zomwe munapha zija. Za mphamvu ya mkaka, calcium amene amamanga mafupa ndi mapuloteni amene amamanga thupi satha ndi moto. Mavitamini ena amachepa pang'ono, koma amenewo mumawapezanso m'masamba, m'nyemba ndi m'mazira.

N'zoona kuti mkaka wowiritsa susasa bwino paokha, chifukwa moto umaphanso mabakiteriya abwino amene amausasitsa. Njira yake ndi yosavuta: mkaka ukazizira kufika pofunda, thiranimo masipuni angapo a maas (chambiko cha kuno) kapena yogati yosatsekemera ya m'sitolo yolembedwa kuti inapangidwa ndi mkaka wa pasteurised, muvundikire, muusiye pamalo pofunda usiku umodzi, ndipo ukagwira muuike m'furiji. Chiwiya chake chizitsukidwa ndi madzi otentha nthawi iliyonse, osasiya zotsalira za dzulo kuti zikhale mbewu monga timachitira ndi chipanda. Ngakhale zili choncho, maganizo anga ndi akuti pa miyezi 5 yatsalayi mungogula maas wa m'sitolo, chifukwa kuwiritsa sikuchotsa mankhwala amene ng'ombe yodwala inabayidwa, ndipo mkaka wa munthu wogulitsa payekha palibe amene amauyeza.

Nangozo, Turffontein:
Mfundo ya chipanda yandikhudza, chifukwa n'zoona kuti sitinkachitsuka kwenikweni poopa kuti chambiko chisiya kukoma. Mwana wanga Nachisale, usawauze apongozi ako kuti chambiko n'choipa, chifukwa adzamva ngati ukunyoza mmene analerera mwamuna wako. Uwapemphe kuti akuphunzitse kuchikonza, koma mkaka uyambe wawira, ndipo ngati n'kotheka upite nawo kusikelo tsiku lina kuti akamve okha kwa anamwino. Munthu wamkulu amamva bwino akapatsidwa udindo.

Nasibeko, Alexandra:
Ine ndimagwira ntchito yapakhomo kumpoto kwa mzinda, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi 6. Abwana anga ndi anthu abwino, amandipatsa zotsala za m'furiji kumapeto kwa sabata: tchizi cha mitundu yosiyanasiyana, nyama yodula yopyapyala ya m'mapaketi, nthawi zina biltong ndi nsomba yofukiza yofiira ija. Ndimachita manyazi kukana, komanso kunyumba zimatithandiza. Ndi ziti mwa zimenezi zomwe ndingadye?

Make Chikondi, Yeoville:
Ndiyankheko mbali ya tchizi chifukwa ndinagwirapo ntchito kukhitchini ya malo odyera. Tchizi cholimba monga cheddar, gouda ndi parmesan chili ndi madzi ochepa, ndipo n'chifukwa chake tizilombo sitichulukana mosavuta m'menemo. Chimene amaletsa ndi chofewa chokhala ndi khungu loyera la nkhungu, monga brie ndi camembert, ndiponso chija chokhala ndi mizere yobiriwira m'kati. Chimenechi amachiletsa ngakhale chitapangidwa ndi mkaka wa pasteurised, pokhapokha mutachiphika mpaka chitenthe kwambiri. Feta, mozzarella ndi cottage cheese muyang'ane papaketi, ndipo ngati paketi munthu anataya kale, musayerekeze. Anamwino andikonze ngati ndalakwitsa.

Nambewe, Randburg:
Mwafotokoza molondola, Make Chikondi. Ndiwonjezere kuti vuto lalikulu la zotsala za abwana ndi masiku amene zakhala zili zotsegula m'furiji, kenaka n'kuyenda nazo pa taxi kufikira kunyumba. Achemwali a Nasibeko, landirani ndithu, koma nyama yodulayo muziiphika m'ndiwo kapena kuikazinga mpaka itenthe, ndipo nsomba yofukizayo muchite nayo chimodzimodzi. Biltong ndi droëwors ndi nyama youmitsa ndi mchere, viniga ndi mphepo, siinaonepo moto, choncho muisiyire ena mpaka mutachira. Kuwonjezera pa Listeria, nyama yosapsa ikhoza kukhala ndi kachilombo ka toxoplasma, komwe kamawononga maso ndi ubongo wa mwana wosabadwa. Kachilombo komweko kamapezeka m'chimbudzi cha mphaka ndi m'dothi, motero ngati pantchito panu pali mphaka, pemphani kuti wina azitaya mchenga wake, kapena muzivala magolovesi n'kusamba m'manja mukamaliza. Pa braai, nyama yanu ipse mpaka m'kati musakhale mofiira.

Make Tiyamike, Hillbrow:
Nanga magetsi akazima? M'nyumba zathu zino nthawi zina amapita m'mawa n'kubwera usiku, ndipo furiji timagwiritsa ntchito mabanja atatu.

Bambo a Yamikani, Cosmo City:
Furiji iyenera kukhala pa madigiri osapitirira 5, ndipo magetsi akazima imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4 ngati simukuitsegula. Pa mabanja atatu, imatsegulidwa kawirikawiri moti maola amenewo sakwana. Kwathu mayi a ana ali oyembekezera tinasiya kugula mkaka wa malita 2 wa m'furiji, n'kumagula mabokosi ang'onoang'ono a long life omwe timatsegula ndi kumaliza tsiku lomwelo. Bokosi likatsegulidwa limafuna furiji ngati mkaka wina uliwonse. Nyama yaiwisi tinkaiika m'chiwiya chovundikira pansi penipeni kuti madzi ake asadonthere pa zakudya za ena, ndipo ndiwo zogona tinkaziwiritsa kotheratu, osati kungozifunditsa.

Nangozo, Turffontein:
Popeza takambirana zoletsa za kuchipatala, ndifunse za zoletsa zathu. Ife tinauzidwa kuti mayi wapakati asadye mazira chifukwa mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndipo ndaona atsikana ena kuno akutsatirabe zimenezo. Kodi pamenepa achipatala amati bwanji?

Nambewe, Randburg:
Pamenepa, amayi, ndi pomwe mawu anu oyamba aja akugwira ntchito, oti tisamusiye mayi ndi tiyi ndi buledi. Mazira alibe chochita ndi tsitsi la mwana, ndipo ndi chimodzi mwa zakudya zomanga thupi zotsika mtengo zomwe tili nazo. Aphikidwe mpaka choyera ndi chachikasu zilimbe, chifukwa dzira laiwisi kapena losapsa likhoza kukhala ndi Salmonella. Usipa, matemba ndi utaka zimene zimabwera pa basi kuchokera kumudzi ndi zabwino kwambiri, pakuti timadya ndi minga yomwe ndipo m'mingamo muli calcium. Muzitsuke ndi kuziphika bwino, ndipo ngati zachita nkhungu panjira, zitayeni. Pilchards za m'chitini ndi hake nazonso n'zabwino. Nsomba zoyenera kupewa ndi zikuluzikulu za m'nyanja yamchere zimene zimadya nsomba zinzake, monga shark, swordfish ndi marlin, chifukwa zimasunga mercury wambiri amene amasokoneza kukula kwa ubongo wa mwana.

Mtedza ndi nsinjiro zochokera kwathu muziziyang'anitsitsa. Mtedza wachuku, wofota kapena wowawa umakhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene satha ngakhale mutaukazinga. Chiwindi cha ng'ombe kapena cha nkhuku chili ndi ayironi wambiri, n'zoona, koma chilinso ndi vitamini A wochuluka kwambiri amene akapyola muyeso akhoza kuvulaza mwana, makamaka m'miyezi yoyambirira, choncho chisakhale ndiwo ya masiku onse, ndipo ambiri amalangiza kuchisiya mpaka mutachira.

Make Tiyamike, Hillbrow:
Palinso dothi lija amagulitsa m'timapepala m'misika. Mng'ono wanga ali ndi pakati ndipo satha tsiku osadya. Akuti akapanda kudya, mtima sukhala m'malo.

Nambewe, Randburg:
Musamukalipire, chifukwa chilakolako chimenecho ndi chenicheni, ndipo nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Koma dothi likhoza kukhala ndi mazira a njoka za m'mimba, toxoplasma ndi mtovu, ndipo limalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'zakudya, motero vuto lomwe lamuchititsa kulakalaka dothi limakulirakulira. Apite kusikelo akanene poyera kuti akudya dothi, amuyeze magazi. Mapiritsi owonjezera magazi azimwa ndi madzi kapena ndi chipatso monga lalanje, osati ndi tiyi, khofi kapena mkaka, chifukwa zimenezi zimachepetsa ayironi wolowa m'thupi. Ngati anamupatsanso mapiritsi a calcium, asiyanitse nthawi, ena m'mawa ena madzulo.

Ndinenenso mwamphamvu chinthu chimodzi kwa onse oyembekezera. Thupi likatentha musangogula Panado n'kugona, poganiza kuti ndi chimfine. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene zimene mwadya masabata apitawa, ndiponso ngati mwachokera kumudzi posachedwa, chifukwa kuno malungo safala ndipo wokupimani mwina sawaganizira mukapanda kunena. Listeriosis imachizika ndi mankhwala opha mabakiteriya ikadziwika msanga, ndipo mwana akhoza kupulumuka. Chimodzimodzi mukaona kuti mwana wachepetsa kusuntha.

Make Chikondi, Yeoville:
Ena amachedwa chifukwa choopa kufunsidwa mapepala. Dziwani kuti mu April 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 ali ndi ufulu wolandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma mosayang'ana dziko lomwe akuchokera kapena mapepala omwe ali nawo. Ndikudziwa kuti pakhomo pa chipatala zinthu siziyenda motero nthawi zonse, choncho ngati mukuopa, lembani pagulu pano kuti mmodzi wa ife akuperekezeni.

Nasibeko, Alexandra:
Funso lomaliza kwa ine, anamwino. Thobwa ndi mageu (mahewu a kuno) zili bwanji? Masiku otentha ano ndi zokhazo zimene zikulowa bwino.

Nambewe, Randburg:
Thobwa lophikidwa bwino, la tsiku lomwelo kapena la dzulo, losungidwa m'chiwiya choyera chovundikira, mukhoza kumwa. Likagona masiku angapo n'kuyamba kululuma ndi kuchita thovu, ndiye kuti layamba kusanduka mowa, ndipo palibe muyeso wa mowa umene umadziwika kuti ndi wotetezeka kwa mwana wosabadwa, choncho limenelo musamwe. Samalaninso ndi madzi amene amasungunulira thobwa likapsa, komanso makapu a ogulitsa m'misewu omwe amangowaviika m'chidebe chimodzi. Mageu a m'sitolo muyang'ane tsiku lake lothera ntchito, musagule bokosi lotupa, ndipo mukatsegula musunge m'furiji. Ali ndi shuga wambiri, motero ngati kusikelo anakuuzani kuti shuga wanu ndi wokwera, mufunse kaye musanawazolowere. Tiyi wamba ndi khofi zikhale makapu awiri kapena kuchepera apo patsiku, koma rooibos alibe caffeine, ndipo mukhoza kumwa ndi mkaka wowiritsa mmene mungafunire.